Mpweya wa m'matayala a amayi ako

Lirangwe,
Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Nkhani yoti akulemba ntchito ku Karonga ndinaimva kwa malume ako. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikukonza khola la nkhuku pamene malume akowo, a Lanjesi, anaimika njinga yawo yamoto pabwalo, n'kufuula asanavule chisoti, asanapereke ndi moni womwe: "Alamu, mwana wathu amutenga! Ulangizi wa zaulimi, ku Karonga!" Ndinati zikomo Ambuye, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Kenako ndinapisa m'thumba n'kuyang'ana foni yanga. Munalibe kanthu. Iwe unandiimbira patapita mphindi ngati khumi, mawu ako odzaza ndi chimwemwe, ine n'kuchita kudabwa ngati ndikumva koyamba. Mphindi khumi si kanthu, ndikudziwa. Koma ndazisenza masabata atatu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndizitule pa pepala usananyamuke mawa.

Ndikulemba uli kwa amayi ako aang'ono kukatsanzika. Ndakhala pakhonde, ndipo kapikiapu ka malemu amayi ako kali patsogolo panga pansi pa mtengo wa mango, kotsukidwa bwino, katundu wako atamangidwa kale. Pa vavu ya tayala lililonse, polowera mpweya paja, pali kavindikiro kobiriwira kamene sabata yatha panalibe. Tizivindikiro tinayi timeneti ndi timene tinatiyambanitsa Loweruka, ndipo kuyambira tsikulo ukundipatsa moni ngati mlendo wobwera kudzabwereka khasu. Pakamwa ndimalephera, umandidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimabwerera m'kalasi, munthu kundifunsa funso limodzi ine kumupatsa phunziro la ola lathunthu. Ndiye ndilole ndilembe.

Ukukumbukira mmene zinayendera. Malume ako anatenga galimoto m'mawa kupita nayo m'tauni, n'kubwera masana akuliza hutala kuyambira pamsewu. "Tiya, bwera udzaone! Ndakuikira nayitirojeni. Mpweya wa ndege umenewu. Sudzapopanso, matayala sadzatha msanga, ndi mafuta omwe udzapulumutsa." Iwe unawomba m'manja n'kuwakumbatira. Ine ndinaseka, kuseka koipa kuja, n'kunena kuti, "Alamu, akugulitsani mpweya womwe mukupumawu." Ndipo ndinapitiriza, ndi zala zanga m'mwamba, mpaka iwe unandidula: "Ababa, malume angofuna kundithandiza. Bwanji chilichonse chimene achita inu mumachipezera chifukwa?" Yankho lake ndi lalifupi, Tiya. Malume ako ndimawachitira nsanje, ndipo ndinayamba iwe usanabadwe.

Koma tiyambe ndi zoona zake za mpweyawo, chifukwa nsanje yanga siidzakuthandiza tayala likadzakuphwera m'mapiri a Chiweta. Malume ako sananame. Agwira ntchito pa bwalo la ndege ku Chileka zaka zambiri, ndipo aona ndi maso awo matayala a ndege akuikidwa nayitirojeni. Chifukwa chake chilipo. Ndege imatera pa liwiro loopsa, tayala n'kugunda pansi ndi kulemera konse kuja, n'kutentha nthawi yomweyo ngati mbaula. Nayitirojeni sakoleza moto, komanso ndi wouma, alibe chinyontho chimene chingaundane ndege ili m'mwamba kozizira. Kwa ndege imeneyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Koma mpweya wamba umene tikupumawu, ukaugawa pasanu, magawo pafupifupi anayi ndi nayitirojeni kale. Chimene malume ako analipira ndi chakuti gawo lachisanu lotsalalo lichotsedwe. Ndawerenga zimene ndinatha kupeza, ndipo ndinena mosakondera: nayitirojeni amachedwerapo kutuluka m'tayala kusiyana ndi mpweya wamba. Ubwino ulipo, koma ndi wochepa, woti munthu woyenda m'misewu ya fumbi kupita kwa alimi sangauzindikire. Msomali sufunsa kuti m'katimu muli mpweya wanji. Dzenje la pamsewu nalo silifunsa.

Ndiye ukandifunsa ngati nayitirojeni amatalikitsa moyo wa tayala ndi kupulumutsa ndalama, yankho langa ndi ili: chimene chimasunga tayala ndi mpweya wokwanira, kaya ndi wa mtundu wanji. Tayala lotsika limapindika m'mbali likamayenda, limatentha, limadyeka m'mphepete, ndipo galimoto imamwa mafuta ochuluka pokoka. Pa zonse zimene malume ako ananena, mawu amene andisowetsa mtendere ndi aja akuti "sudzapopanso." Kavindikiro kobiriwira kamamupatsa munthu ulesi. Amakayang'ana n'kumaganiza kuti kakulondera m'malo mwake. Ukadzapeza tayala latsika uli kumudzi kopanda makina a nayitirojeni, popa mpweya wamba. Kusakaniza sikuwononga kanthu. Usadzayende pa tayala lotsika pofunafuna mpweya wa ndege. Ndikubwereza, Tiya, usadzayende pa tayala lotsika.

Zimenezi sindinazitenge m'buku mokha. Ndinaziphunzira pa matimati. Unali sitandade sikisi pamene amayi ako anagula kapikiapu aka, atatopa ndi kukweza madengu pa matola zaka zonse zija. Ndikuuze zoona, sindinakondwe monga mwamuna wabwino akanakondwera. Ine mphunzitsi wamkulu pa njinga yakapalasa, mkazi wanga pa chiwongolero. Azibambo a pa bawo pamsika ankandikuwa ndikamadutsa: "Aphunzitsi, lero mukwera kutsogolo kapena ndi matimati?" Ndinkaseka nawo, koma ndikafika kunyumba ndinkatenga kabuku kamene kanabwera ndi galimoto n'kukawerenga kuyambira chikuto mpaka chikuto, kuti ndikhale ndi kanthu kamene amayi ako alibe. Tsiku lina m'mawa anachokera ku Mdeka atadzaza madengu, n'kuima pano kuti amwe tiyi asanapitirire m'tauni. Anati, "Aphunzitsi, inu odziwa buku, tandionerani matayalawo." Ndinazungulira galimoto manja kumbuyo, tayala lililonse kulimenya ndi nsapato, n'kunena kuti onse ali bwino. Asanafike pa Lunzu la kumbuyo kumanzere linaphulika. Galimoto inakalowa m'ngalande, madengu n'kukhuthukira pa phula. Mulungu yekha, sanavulale. Atafika kunyumba ine ndinali nditakonza kale mawu onena za kuipa kwa matayala a masiku ano. Iwo sanandifunse kanthu. M'mawa mwake anabwera ndi kachitsulo konga bolopeni, geji yoyezera mpweya, n'kukalowetsa m'thumba la shati yanga pambali pa cholembera chofiira. "Cholembera china ichi, aphunzitsi. Ichi chimachonga matayala. Nsapato yanuyo sinapite kusukulu."

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse, dzuwa lisanakwere, tinkakhala pansi pa mango apa. Iwo pa pampu yopondera ija, ine nditagwada ndi geji. Iwe unkatipeza tili m'kati ukamapita kusukulu, mwina sunkasamala n'komwe. "Zili bwanji?" "Onjezerani khumi." "Khumi? Inu mumangowerenga, mwendo ndi wanga." Ankapopa akung'ung'udza nyimbo za kwaya yawo, phazi likutsata nyimbo, ndipo akafika pa chiwerengero chimene ndanena ankawonjezera kawiri dala kuti ndidandaule. Zaka khumi ndi zinayi tinachita zimenezo, ndipo tayala silinatiphulikirenso chifukwa cha mpweya. Nawe uzichita chimodzimodzi. Uziyeza m'mawa matayala ali ozizira, usanayende. Manambala oyenera alembedwa pa kapepala komata pa felemu ya chitseko cha dalaivala, ena a galimoto yopanda katundu, ena a yodzaza. Ukayenda ulendo wautali kukutentha n'kupeza geji yakwera, usaphwetse, mpweya wangofufuma ndi kutentha, ukazizira ubwerera. Ndipo usamakhulupirire maso kapena nsapato. Tayala likhoza kutsika kwambiri likuonekabe lokhuta.

Cholakwa china ndinachita uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chimenechi sichikhudza tayala. Malume ako anatiitana tonse ku Chileka kuti tikaone ndege ikutera. Ine ndinati ndili ndi makope oti ndichonge. Makope analipo, koma akanadikira. Sindinkafuna kukawaona atavala chijekete chawo chowala, anthu akuwapatsa ulemu, iwe ukuwayang'ana kukamwa kuli yasa. Munapita ndi amayi ako. Sabata yonse unkathamanga pabwalo pano manja atatambasulidwa, ukuuza aliyense kuti, "Malume amaimitsa ndege ndi manja!" Tsiku lachisanu ndinakuitana pakhonde pompano, n'kutsegula buku la zithunzi, n'kukufotokozera kuti ndege imaimitsidwa ndi woyendetsa, malume ako amangomulozera poima. Unamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Oo." Sunathamangenso. Zimene ndinanena zinali zoona, Tiya, ndipo ndinakulanda kanthu. Ukupita kukagwira ntchito ndi alimi, anthu amene adzakuonetsa njira zawo monyadira, zina zolondola, zina zolakwika. Usanamuwongolere munthu, uzidzifunsa ngati ukuchitira iye kapena ukuchitira iwe mwini. Ine funso limeneli ndinalidziwa mochedwa, ndipo Loweruka lapitali ndinaliiwalanso.

Mwina ukudabwa kuti munthu wamkulu ngati ine nsanje yake n'njachiyani. Iwe unabadwira pano, dothi ili ndi lako. Ine ndinachokera kwa Kuntaja, kumene agogo anga anakhazikika atayenda wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo ndinabwera kudzamanga pa malo a amayi ako monga mkamwini. Nyumba ndinamanga ine, fizi ndinalipira ine, koma mwini mbumba ndi malume ako. Munthu akadzafuna kukukwatira sadzagogoda pa chitseko changa, adzapita kwa iwo. Mwambo umenewu ndinauvomera ndi pakamwa tsiku la ukwati wathu, ndipo sindinautsutsepo pagulu. Mumtima ndimo munkakana. Amayi ako ali moyo sizinkapweteka kwambiri, chifukwa iwo ndi amene ankandimangirira pano. Papita miyezi iwiri chiwaikireni m'manda. Palibe amene wandiuza kuti ndizipita kwathu, onse amandilemekeza. Koma mkamwini amene mkazi wake wamwalira amadziwa yekha kuti chomusunga pamudzi ndi ana. Mwana ndili naye mmodzi, ndipo nkhani yake yabwino inayamba kufika kwa malume ake.

Nsanje yomweyi inandigulitsapo matayala oola. Chaka china matayala atatha, malume ako anati tigule awiri atsopano, enawo tidzagule tikakolola nandolo. Anali malangizo abwino, ndipo chifukwa anachokera kwa iwo ndinawakana. Ndinati ndikudziwa malo m'tauni ogulitsa matayala a kaunjika, anayi pa mtengo wa awiri. Ndinabwera nawo akunyezimira, atawapaka polishi ngati nsapato za mkwati. Mvula isanathe limodzi linatupa chithupsa m'mbali, lina linayamba kuonetsa mawaya. Tinakagulanso. Amayi ako, tikukweza atsopanowo, anangoti, "Mwapulumutsa ndalama zambiri, aphunzitsi, mpaka tagula kawiri." Ndiye mvera. Tayala limakalamba ngakhale mizere yake ikuoneka. M'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, uziwafunafuna usanagule. Uziyang'ananso ming'alu. Likamadyeka mbali imodzi, vuto si mpweya, miyendo ya galimoto yapotoka, kawongoletse. Ndipo ku Karonga adzakupempha kuti uwanyamulire matumba a mpunga, aliyense thumba limodzi lokha, mpaka galimoto kukhala pansi. Uli ndi mtima wa amayi ako, kukana kumakuvuta. Phunzira kunena kuti ndibweranso kachiwiri. Ndalama za matayala zimapulumuka pamenepo, osati pa mtundu wa kavindikiro.

Cholakwa chachikulu ndachisungira pano. M'mwezi wa Malichi, Lolemba lina, amayi ako anasiya kupopa pakati pa tayala n'kutsamira galimoto, akupuma movutikira. Ndinawafunsa, anati, "Ndangotopa, dzulo ndinalima kudimba." Ndinawayang'ana kumaso, ndinaona akumwetulira, n'kunena mumtima kuti ali bwino. Lolemba lotsatira zinachitikanso. Lolemba lachitatu anapopa matayala onse asanu, ndi sipeya yomwe, akupumula pa lililonse, nyimbo palibe. Ndinati ndipope ine, anandikankha: "Gwirani cholembera chanucho, aliyense ntchito yake." Ndinagwira. Masana a tsiku lomwelo malume ako anabwera kudzatenga mbewu ya chinangwa. Anangoona mapazi a amayi ako mmene anatupira, ndi mmene anakwerera masitepe awiri a pakhonde, n'kunena kuti, "Achemwali, kwerani galimoto pompano." Sanandifunse ine. Iwe ndi amene unayendetsa, ukukumbukira. Kuchipatala anati mtima unafooka kalekale, n'kuwaika pa mpweya wa m'botolo, gawo lachisanu lija limene makina a nayitirojeni amataya. Dokotala anandiuza mokoma mtima kuti ngakhale tikanafulumira mwina sizikanasintha. Mawu akuti mwina ndi amene ndimadya nawo, kuyenda nawo. Ndinayezanso ndi maso, Tiya, munthu amene ndinagona naye m'nyumba imodzi zaka makumi atatu. Malume ako anaona pa mphindi imodzi chimene ine ndinachiphonya masabata atatu, ndipo ndikuchita manyazi kulemba kuti ngakhale pamenepa, pakati pa kuthokoza, nsanje inalipo. Iwe ukadzamva mutu kapena kuzizidwa uko kotentha, usadzanene kuti wangotopa. Pita akakuyeze tsiku lomwelo.

Tsopano ndikuuze chimene sindinathe kunena Loweruka. Mpweya umene unali m'matayala aja ndi umene amayi ako anapopa Lolemba lomaliza lija. Palibe amene anawonjezerapo. Maliro atatha ndinatenga geji tsiku lina kuti ndiyeze monga mwa nthawi zonse. Ukudziwa kuti geji ikamalowa pa vavu pamamveka kuti tsii, kampweya pang'ono kamathawa. Nditamva kulira kumeneko ndinachotsa dzanja ngati ndagwira moto, ndipo sindinayezenso. Ndaphunzitsa sayansi moyo wanga wonse, ndikudziwa kuti unali mpweya wa pabwalo pano, sunachokere m'chifuwa mwawo. Koma inali ntchito yomaliza ya mwendo wawo imene inali ikadali chiimire. Zovala zawo anagawana achibale, dimba lamera udzu, matimati omaliza anagulitsidwa. Galimoto yokha inali itaima pa mphamvu zawo. Ndinkabwera ndi mpando kudzakhala pambali pake. Ndiye Loweruka munthu wina m'tauni amene sanawadziwe n'komwe anatsegula mavavu anayi, ndipo pa mphindi zochepa zonse zinapita. Nditaona tizivindikiro tobiriwira ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndikanalira, ukanandimvetsa. M'malo mwake ndinaphunzitsa za magawo asanu a mpweya. Undikhululukire, mwana wanga.

Dzulo uli kumsika malume ako anabwera. Anakhala pa mpando uwu uli pambali pangawu, tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Ndiye anapisa m'thumba n'kuika bokosi la machesi pa tebulo. M'katimo munali tizivindikiro tinayi takuda, takale tija, kamodzi kong'ambika kamene amayi ako ankakamanga ndi ulusi.

"Oika mpweya aja amafuna kutaya," anatero. "Ndinati bweretsani kuno."

Ndinatenga kong'ambika kaja n'kukatembenuza m'manja.

"Sipeya ndinawakaniza. Amati abwana, imeneyo tikuikirani ulere. Ndinati isiyeni mmene ilili."

"Chifukwa chiyani?"

"Alamu, ine Lolemba m'mawa ndimadutsa pamsewu apo pobwerera ku Chileka. Zaka zonsezi. Mumayesa sindinkakuonani awirinu, wina akuvina pa pampu, wina atagwada ngati akufunsira mbeta?" Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Anayiwo ndinachita dala. Anali atatsika, ndipo inu simukanawagwira, ndimakudziwani. Mwana sangapite ku Karonga pa mpweya wa mwezi wa Malichi."

Ndinawathokoza, ndipo kanali koyamba pa zaka makumi atatu kuwathokoza popanda kusunga kanthu kuseri kwa lilime. Koma usaganize kuti ndachira. Atangokwera njinga yawo ndinamva chinthu chija chikubwerera, chifukwa ngakhale pa chisoni changa chomwe anandiposa: anachidziwa osauzidwa, n'kuchita choyenera, ine ndikuteteza mpweya m'malo moteteza mwana. Asanalize injini anatembenuka. "Komabe nayitirojeni ndi wabwino, alamu." Ndinati, "Pang'ono." Anati, "Wabwino." Ndinati, "Pang'ono, alamu." Anachoka akuseka. Uziwamvera malume ako, Tiya. Ali ndi maso amene ine ndilibe. Pa nkhani ya kusapopa yokhayo ndi pamene uzimvera ine.

Lero m'mawa utatuluka ndinayala chiguduli, n'kukwawira pansi pa galimoto, n'kutsitsa sipeya pa tcheni chake. Ndinakhala nayo kanthawi. Kenako ndinavula kavindikiro n'kuika geji, ndipo inalira kuti tsii monga ndinkaopera. Yatsika kwambiri. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti ndikusunga kanthu posaigwira, pamene mpweya unali kutuluka wokha tsiku ndi tsiku, mwakachetechete, popanda msomali, popanda wondilakwira. Sipeya yopanda mpweya ndi katundu chabe, ndipo anthu ambiri amaidziwa kuti yaphwa tsiku limene aifuna. Uziiyeza pamodzi ndi anzake, ngakhale kukwawira pansi kumadetsa zovala. Matayala ndi asanu, Tiya, osati anayi.

Sindinaipope. Ndaitsamiritsa pa mtengo wa mango, ndipo ndili ndi pempho. Mawa usananyamuke, dzuwa lisanakwere, udzaponde pampu, ine ndigwire geji. Sitidzaphwetsa kanthu, tidzangowonjezera pamwamba pa umene ulimo. Ndikadzati onjezera khumi, ukhoza kudandaula, mwendo ndi wako. Tikamaliza pampu idzalowa kuseri kwa mpando, ndipo geji idzachoka m'thumba langa kulowa m'lako. Jeke ndi sipanala ndaziyesa, zikugwira. Pa Chiweta utsike ndi giya, usadalire mabuleki okha. Ukatopa, ima.

Nawenso ndimakuchitira nsanje, ndinene zonse lero. Ukupita kumene palibe amene adzakuyang'ane ndi nkhope ya chisoni, kumene mtengo wa mango ndi mtengo wa mango basi. Ndimachitira nsanje alimi amene sindikuwadziwa, amene azidzamva kuseka kwako, kumene ndi kuseka kwa amayi ako ndendende. Pita, usabwerere m'mbuyo chifukwa cha ine. Ukafika, imbira amene wabwera m'maganizo mwako poyamba, sindidzawerenganso mphindi, kapena ndinene kuti ndidzayesetsa. Koma Lolemba m'mawa likhale langa. Ukayeza, undiimbire, undiwerengere manambala asanu. Safuna nkhani yaitali. Ndikawamva ndidzadziwa kuti uli bwino, ndipo sindidzakhala ndikuyeza ndi maso.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukutsanzikana ndi winawake, ndiye ndilekere pano. Kalatayi ndiika pa mpando wa dalaivala kuti uipeze ukamakatenga jekete lako.

Kuno kwatsala nyumba ya zipinda zitatu, nkhuku khumi ndi imodzi, mpando wa pakhonde, ndi dontho la oyilo pansi pa mango. Patsala bokosi la machesi la tizivindikiro tinayi takuda, limene lizikhala m'thumba la shati mmene munkakhala geji. Ine ndilipo.

Ndine bambo ako.